Mbaula za Che Mukhtar

Hafsah anakankha chitseko cha shedi ndi phewa, fumbi n'kuwagwera onse atatu: iye, Luqman ndi Mayi Lusubilo. M'mashelefu munali mbaula zokhazokha, zamalata kunja, zadothi m'kati, zambiri zili zong'aluka. Bambo ake, Che Mukhtar, anali ataikidwa m'manda Lachisanu, ndipo m'nyumba munkamvekabe fungo la lubani.

Mayi Lusubilo, amene ankayendetsa za msonkho pa kakampani ka malemuyo, anabwera kudzapepesa maliro, koma sanabise chomwe chinkawadetsa nkhawa. Anati malemu anali atayamba kupempha kuti msonkho utsike chifukwa cha zomwe ankawononga pa kafukufuku. Koma a msonkho samva zapakamwa. Amafuna lipoti lonena kuti vuto linali chiyani, anayesa njira ziti, ndipo zina zinakanika bwanji. Tsiku lopereka linali pafupi, ndipo popanda lipotilo kakampaniko kakanavutika kuima.

Luqman, mchimwene wake wa Hafsah, anatola mbaula imodzi n'kuibwezera pomwepo.

"Kafukufuku wake ndi ameneyu? Izi ndi zinyalala. Malowa tingogulitsa, amayi apume."

"Zong'alukazo ndi zimene akufuna kumva," anatero Mayi Lusubilo.

Malemu sankalemba chilichonse. Koma Hafsah atayang'anitsitsa anaona kuti panalibe mbaula ziwiri zofanana. Ina mabowo ake anali aakulu, ina ang'onoang'ono ngati a sefa, ina dothi lake lopepuka modabwitsa. Iye anakula akudziwa kuti ababa amapanga mbaula, basi. Nanga ankasakasaka chiyani?

Amayi awo, a Tatu, anati iwo za kushedi sankazitsatira, koma akafunse Zuleikha wokazinga mandasi pamsika wa Ndirande, poti malemu sankatha sabata osapitako. Luqman anati angomuperekeza mlongo wakeyo, asayende yekha masiku a maliro.

Zuleikha anawapatsa benchi, nalira pang'ono, kenako n'kuyamba kuseka. Anati mbaula yoyamba imene malemu anam'patsa inaphulika mafuta ali pamoto. Yachiwiri malemu anasakaniza dothi ndi utuchi, koma inkafumbutuka. Yachitatu anaikamo mankhusu a mpunga, ndipo ndi imene inali patsogolo pawoyo. Hafsah ankajambula mawu ndi zithunzi pafoni, akufunsa mwezi ndi chaka. Anafunsanso ngati inkapulumutsa makala.

"Makala? Za makala sankafunsa kwenikweni. Ankangokhala chonjuta apa, n'kumandiyang'ana m'maso. Amvekere, 'Lero akuwawa?' Ndikati ayi, ankakhala ngati wapata mphoto."

Zuleikha anawalozera kwa Shafiq wa tiyi pa siteji ya maminibasi, Shafiq n'kuwatumiza kwa mayi wina ku Chilomoni. Kulikonse ankapeza mbaula yosiyana ndi inzake, yopatsidwa ulere, ndi munthu wokumbukira mafunso omwewo: maso, chifuwa, mutu. Pofika ku Chilomoni, amene ankafunsa kwambiri anali Luqman. Anagwada pansi ndi thalauza lake la kuofesi, n'kuyeza mabowo ndi chala, akudabwa kuti n'chifukwa chiyani ababa anawasunthira m'mbali.

Madzulo anayala pamkeka zonse zimene anasonkhanitsa. Mayi Lusubilo anamvetsera mawu a pafoni aja akugwedeza mutu. Anati zoyesa ndi zolephera zakwana, zithunzi zilipo, mboni zilipo. Chotsala chinali chimodzi: malemu ankadziwa bwanji kuti utsi wachepa? A msonkho adzafuna muyeso, osati maso a Zuleikha okha.

Luqman anati mwina ankangoyerekeza.

A Tatu anadzuka. Anatulutsa mbaula yawo ya kukhitchini, yomaliza imene amuna awo anaumba, naikamo makala n'kukoleza. Moto utagwira, analowa m'chipinda n'kubwera ndi katoni. M'katimo munali mbale zoyera zachitsulo, iliyonse yokulungidwa m'nyuzipepala. Pansi pa yoyamba panali bii, mwaye wokhawokha. Zotsatira zinkayera pang'onopang'ono.

"Ankandikaniza kuzitsuka," anatero. "Chiyambire pomwe adokotala anandiuza za chifuwa changachi, mbale zanga zinayamba kusowa. Ndinkakalipa, iwo n'kumangoti adzandigulira zina."

Hafsah anafunsa kuti ankachita nazo bwanji. Amayiwo anapukuta mbale yoyera ndi nsonga ya chitenje, nagwada movutikira pambali pa mbaula. Anaigwira pamwamba pa moto, mkono wotambasula, mutu atapendeketsa, milomo ikuyenda powerenga nthawi chamumtima monga ankachitira amuna awo. Kenako anaitembenuza, naipereka kwa Luqman.

Luqman anapititsa chala pambaleyo n'kuchiyang'ana pa kuwala kwa pakhomo. Panali kamzere kotuwa, kosaoneka bwino.

"Ukadalipo pang'ono," anatero motsitsa mawu. "Amayi, dothi lija ankalitenga kuti?"