Dzino Langa ndi Foni ya Kutchalitchi

Dzino linayamba kundivuta chaka chatha, koma mayi wa mwana ngati Bwana wanga alibe nthawi yodwala. Bwana ndi mwana wanga woyamba. Tinamupatsa dzinali chifukwa m'nyumba mwathu palibe chimene chimachitika iye asanavomere. Msinkhu anandipitirira kale, tindevu tayamba kumera, koma salankhula ndipo nzeru zake ndi za mwana wamng'ono. Akangoona chitseko chotsegula amaliyatsa liwiro osalabadira za galimoto. Bambo ake amayendetsa lole, pakhomo amaoneka mwa apo ndi apo, ndiye zonse zili pamutu panga.

Mayi wina wa kutchalitchi kwathu, nesi wopuma pantchito, anandiuza kuti Loweruka lililonse amasunga ana oterewa mu holo ya tchalitchi kuti makolo apumeko. Ndinathokoza pakamwa pokha, mumtima ndikudziwa mathero ake. Kusukulu anamubweza. Kwa achemwali anga anagwetsa wailesi yakanema, mpaka lero moni timangopatsana pafoni. Kulikonse kumene ndinamusiyako nkhani inkatha mofanana. Foni imalira, "Bwerani mudzamutenge," ndipo ukafika amakuuza akumwetulira kuti usadzabwere nayenso. Ndinalibenso khomo lina loti n'kugogoda. A mpingo akanandibweza, basi kukanakhala kutha kwanga.

Koma tsaya litatupa ngati ndabisamo dzira, ndinagonja n'kupita naye.

Mu holomo anali ataunjika mabenchi pakona n'kuyala makapeti. Ana ena ankagubuduza mpira, wina atakhala payekha akung'amba mapepala. Ndinayamba kuwerengera anesiwo malamulo a Bwana.

"Musamugwire kumutu. Kuwomba m'manja amadana nako. Chitseko chisakhale chotsegula, ngakhale pang'ono pokha. Akayamba kuluma chala chake ndiye kuti..."

"Amake Bwana," anandidula, "pitani. Tsaya lanulo likutiopsezera ana."

Anapemphera mwachidule, ine maso ali pachitseko, kenako ndinanyamuka.

Kwa dokotala wa mano ndinakhala pampando wopendekera uja foni ili pamwendo. Anandibaya jakisoni, mlomo wonse unachita dzanzi. Atangolowetsa chozulira m'kamwa, foni inayamba kunjenjemera. Ndinasuzumira ndi diso limodzi. Inali nambala ya anesi.

Ndinayesa kudzuka, dokotala n'kundikankhira pampando.

"Mayi, mukufuna ndizule labwino?"

Dzino litatuluka anandiika thonje, akundiuza za mankhwala zimene sindinamve ngakhale chimodzi. Kuimba foni sindikanatha, lilime linali ngati la munthu wina. Ndinathamanga kukakwera basi. M'njira monse ndinkakonza mawu opepesa, ndipo ndisaname, ndinali wokwiya. Anthu a Mulungu, alaliki a chikondi, kulephera kupirira ngakhale m'mawa umodzi wokha!

Nditafika ndinapeza kuli zii, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandiopsa kwambiri. Ndinagogoda. Ananditsegulira mkulu wa mpingo, bambo wamimba yake amene anali atakhala pampando wotchinga chitseko, malaya ali chinyowere ndi thukuta. Anaika chala pamlomo. Anesi anabwera monyang'ama, ndipo ndinaona pulasitala pamkono pawo.

"Wakulumani?" ndinafunsa, mawu akutuluka mokhota chifukwa cha thonje.

"Wangondilawako," anatero. "Mnzake anawomba m'manja ife tisanakonzeke. Vuto ndi lathu, munatiuza."

"Pepani mayi, pepani kwambiri. Ndimutenga pompano. Ndamva foni yanu."

"Mwamva kulira kwake, koma simunayankhe. Tabwerani."

Anandilondolera kuseri kwa mabenchi. Bwana anali pansi pa tebulo, atamufunditsa nsalu, nsapato imodzi ili kuphazi ina ataikumbatira. Anali m'tulo tofa nato, kukamwa kuli yasa.

"Wathamangitsana ndi akuluwa kuzungulira holo mpaka onse awiri mphamvu zatha," ananong'ona anesi. "Mwamwayi woyamba kugwa ndi Bwana. Ndiye ndinaimba kuti ndikuuzeni kuti musafulumire. Mukachoka kwa dokotala mupite kunyumba mukagoneko, kapena mukazungulire m'sitolo ngati anzanu. Inu n'kubwera ndi liwiro, magazi ali pabulauzi!"

Ndinawayang'ana, kudikira mawu enawo, aja amabwera ndi kumwetulira. Sanachedwe.

"Koma Loweruka likubwerali..."

"Ndamva, mayi. Sitibweranso."

"Iii, kodi dokotalayo wazulanso makutu? Ndikuti mudzabwere naye molawirira, anzake asanachuluke, kuti azizolowera malo. Ine ndidzavala juzi ya manja aatali."

Ndinalira pomwepo, kulira konyansa kwa munthu wa mlomo wadzanzi, dovu likutsikira pachibwano ine osalimva. Sanandiletse. Anangondipukuta ndi mpango wawo ngati ndine mmodzi wa anawo, kenako anandikokera m'kachipinda kosungiramo mikanjo ya kwaya. Munali matiresi atatsamira khoma. Anawagwetsa pansi.

"Gonani."

"Nanga akadzuka?"

"Akadzuka tilipo."

"Amafuna madzi m'kapu yake yobiriwira, ili m'chikwama. Akapanda kuiona..."

"Amake Bwana, mukapitiriza ndikubayani jakisoni wina. Ntchito ndinapuma koma dzanja silinaiwale."

Ndinagona chammbali, tsaya labwino lili pansi. Kwa zaka zonsezi ndakhala ndikugona khutu limodzi lili kuchitseko, ndipo apanso ndinayamba kumvetsera. Ndinamva mpira ukugunda khoma, mpando wa mkulu wa mpingo ukulira, wina akuimba chapansipansi. Ndinati ndingotseka maso pang'ono.

Ndinadzidzimuka dzuwa litapendeka, thonje litagwera pamatiresi. Ndinatuluka opanda nsapato. Bwana anali atakhala pakapeti, zala zili noninoni ndi mafuta, akukankhira mpira kwa mkulu wa mpingo. Anali atadzuka kalekale, analira, anatonthola, anadya, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zondidzutsa.