Mzere Wachiwiri

Patatsala mphindi makumi awiri kuti 10 koloko ikwane, TV ya a Clotilda inali idakali bii. Nthawi imeneyo mwambo wa anamwino omaliza maphunziro unali woti uonetsedwe kuchokera ku Lusaka, ndipo mwana wawo Tisauke anali m'gulumo. Amuna awo, a Yoramu, amene anafa ziwalo mbali imodzi chaka chatha, sakanatha ulendo wa minibasi kuchokera ku Bundabunda. Anangokhala pampando atavala jekete la kutchalitchi, maso ali pagalasi la TV.

A Clotilda anaimbira foni Ricky, amene anawaikira dishi.

"Dinani menyu, amai, muone mizere iwiri," anatero Ricky. "Wapamwamba ni wa mphamvu. Uli pa zingati?"

"Pa 78."

"Wachiwiri, wa kwalite ya chithunzi?"

"Ziro."

"Ndiye kuti waya ili bwino, na LNB, kamutu kaja ka kutsogolo kwa dishi, kali bwino. Koma dishi iyangana kwina. Anaigwira ndani?"

A Clotilda anazengereza. Dzulo lake azibambo a mumpingo anabwera okha kudzasintha malata odontha, osapemphedwa. Sanafune kuwatchula.

"Inachotsedwa pang'ono. Poibweza anailozetsa monga ya aneba."

"Mayo! Aneba ali pa setilaiti ina, amai! Masulani bawuti, muitembenuze kumanzere pang'onopang'ono. Wina aziwerenga mzere wachiwiri."

A Clotilda anaitana a Selestina a nyumba yoyandikana nayo, nawaimika pawindo. Iwo eni anamanga chitenje zolimba, sipanala m'manja, nakwera makwerero.

"Amake Tisauke, pa msinkhu wanu uwu! Mukagwa nizakamba chani kumpingo?"

"Werengani chabe, asisi."

Malata anali atayamba kutentha. Bawuti inamasuka mosavuta. Anakankha dishi pang'ono.

"Ziro! Ziro! Aa, 12! 30! Mwapitirira, yabwerera ku ziro!"

A Clotilda anatseka maso. "Ambuye, muwaonetse a Yoramu mwana wawo," ananong'ona. Anaibweza dishiyo pang'ono zedi, mwina kukula kwa njere ya chimanga.

"61! Chithunzi chabwera! Mangani!"

Koma bawutiyo inali itatha mano, inkangozungulira osagwira. Atayesa kuchotsa dzanja, dishi inawerama ndipo a Selestina anakuwa kuti chithunzi chathawa. Anaikwezanso, naigwira ndi manja onse awiri, mawondo ali pamalata.

Pansipo panamveka nyimbo ya kwaya, kenaka maina anayamba kuitanidwa mmodzimmodzi. A Clotilda anagwira dishiyo mwamphamvu. Thukuta linkalowa m'maso, popanda dzanja lopukutira.

"Selukani muone, nibwere nigwireko!" anatero a Selestina.

"Iyai. Nikasiya chithunzi chizathawa. Khalani nawo atate ake."

Maina anapitirira, ambirimbiri. Kenaka anamva dzina la Tisauke likudutsa m'malata, ndipo pambuyo pake liwu la amuna awo, lolemera, lopotoka, likuyesa kulibwereza.

A Clotilda sanaone kanthu. Anagwirabe dishiyo mpaka kuwomba m'manja kutatha.