Chitenje cha Mwatitha Chinkapsa Kumbuyo

Ndinalota masana, ndipo maloto a masana musamawapeputse, ana inu.

Mdzukulu wanga Mwatitha, uja amalankhula ndi anthu pa foni zimene amati laivu, anali pabalaza pathu, atakhala kutsogolo kwa nyale yake yozungulira ngati nkhata. Koma nyaleyo inali pakamwa pa chitsime, ndipo m'chitsimemo munadzaza nkhope za anthu zitayang'ana kumwamba.

Ankanena za mtsikana wina woimba, dzina lake Esinala.

"Mawu ngati mbuzi yomangidwa!" anatero. "Akafuna kulira alire. Woima pagulu azipirira. Choonadi chimawawa, anthu anga."

Chitsime chonse chinaseka.

Pamenepo ndinaona kuti chitenje chake chikupsa kumbuyo. Unali moto wofatsa, wopanda utsi, ukukwera pang'onopang'ono kulunjika kutsitsi. Mwini wake sankauona; pafoni, paja, munthu amadziona kutsogolo kokha.

Bambo wina m'chitsimemo anakweza dzanja mwaulemu. "Achemwali, mukupsa."

"Nsanje!" anakuwa Mwatitha. "Ine sindinyozedwa pakhomo panga."

Anadina foni ndi chala. Bamboyo anazimiririka, ndipo zenera la pabalaza linasanduka khoma. Mayi wina ananena zomwezo, chitseko cha kukhitchini n'kupita naye limodzi. Otsalawo anaphunzira msanga. Ankangoti, "Mwatchena, bwana wathu!" n'kumaponya timitima tofiira, tomwe tinkagwera pansi n'kumayenda ngati nkhupakupa zokhuta.

Malemu amuna anga, aNkhoma, anali pakona atavala jekete lomwe tinawaika nalo m'manda, akusoka nsapato.

"Make Lekeleni," anatero osadzutsa mutu, "muuzeni mwana."

"Ndikamuuza andichotsa, bambo. Ndi yekhayu amene ndatsala naye."

"Mukapanda kumuuza mutsala ndi phulusa."

Ndinanyamuka. Pabalaza panatalika ngati msewu wa kuchigayo, koma ndinafika. Moto unali utafika m'chiuno.

"Mwati, mwana wanga."

"Agogo, ndili pa laivu."

"Wanena wekha kuti choonadi chimawawa. Ukupsa, mwanawe."

Anandiyang'ana ngati munthu wobwera kudzapempha mchere. Kenako anatembenukira kuchitsime, namwetulira.

"Mwaona, anthu anga? Ufiti umayambira m'nyumba."

Chala chinatsika.

Ndinapezeka kuseri kwa nyumba, pamphasa. Onse amene anachotsedwa anali komweko, atakhala mondondozana ngati pamaliro, amuna uko, akazi kuno. Panalibe wokwiya. Aliyense anali atafukata ndowa yodzaza madzi. Mtsikana wina wowonda, maso atatupa ndi kulira, anasuntha kundipatsa malo.

"Ndine Esinala," anatero. "Khalani apa, agogo. Ndowa yanu ndi iyi."

"Nawenso unamuuza?"

"Ndinali woyamba."

Ndinazungulira nyumba yonse kufuna khomo. Nyumba yanga yomwe, imene ndinaizira ndi manja awa, inali khoma lokhalokha, losalala ngati dzira. Ndinaika khutu. Mkati Mwatitha ankaseka, akuuza anthu ake kuti masiku ano anthu sakonda kuuzidwa zoona.

Ndinaitana dzina lake. Mawu anga anagunda khoma n'kugwera m'ndowa.

"Tidikire," anatero Esinala. "Mwina aitana."

Ndinabwerera pamphasa, ndinafukata ndowa yanga, n'kutsamira khoma kuti akaitana ndimve msanga. Kumsana kwanga, khomalo linayamba kufunda.