Zenera la Galafu ya Mtsinje

"Mlamu, khodi yanga ilibe vuto. Pa laputopu yanga ikujambula bwinobwino," anatero mnyamata wolemba mapulogalamu a kompyuta.

"Pa laputopu yako, eya," anayankha mlamu wakeyo, mayi amene ankatsogolera kaofesi kawo ka anthu awiri. "Nanga pa seva? Lero ndi tsiku lachitatu, galafu ndi imodzi yomwe sinatuluke."

Seva inali kompyuta yotsekeredwa m'kachipinda kozizira, yopanda sikirini, yongolira yokha ngati njuchi. M'mawa uliwonse inkayenera kutenga manambala a kuya kwa mtsinje, kujambula galafu, n'kuitumiza kwa ogwira ntchito ku damu. Pulogalamu yojambulira magalafuyo, khodi ija, anailemba ndi mnyamatayu, amene onse ankangomutcha Mjambuli. Koma anailemba moti isanakoke mzere uliwonse, inkayamba yatsegula zenera pa sikirini. Pa seva inkafunafuna sikiriniyo, kuisowa, n'kuima pomwepo.

"Lekanitsa ziwirizi," anatero mlamu. "Kujambula pakhale pakepake, kuonetsa pakepake. Ijambule osaonetsa munthu, isunge chithunzi m'failo, chipite."

"Chithunzi chobadwa popanda wochionerera? Kukongola kwake kuli pa kukwera kwa mzere, mlamu."

"Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. A ku damu akufuna kudziwa ngati atsegule zipata za madzi, osati kuonera kanema."

Chitseko chinatseguka. Analowa mtsikana wopima madzi ku damu, nsapato zili matope okhaokha. Chifukwa magalafu sankafika, masiku atatu onsewo ankabwera yekha kudzawaona. Anaima kumbuyo kwa mpando wa Mjambuli monga mwa masiku onse. Mnyamata anadina batani, zenera linatseguka, mzere wobiriwira unayamba kukwera pang'onopang'ono. Mtsikana anawerama kuti aone bwino, tsitsi lake likununkhira mvula. Mjambuli ankayang'ana iye, osati mzere.

"Madzi akwera ndithu," anatero mtsikanayo, nkhope itagwa. "Zikanandipeza m'mawa, bwenzi titachenjeza kale a kumunsi kwa mtsinje."

Mjambuli anayang'ana pansi. Kenako anakoka laputopu. Anachotsa mizere isanu ndi umodzi ya khodi yotsegula zenera n'kuiika padera, kuti izigwira ntchito pokhapokha munthu ataipempha. Anatumiza khodiyo ku seva. Tiyi wa mlamu asanazizire, foni ya mtsikana inalira. Galafu inali itafika.

"Ntchito ya mphindi khumi," anatero mlamu, akumuyang'ana cham'mbali. "Masiku atatu. Ndiye iwe mutu unali kuti?"

Mtsikana anakoleka chikwama paphewa. "Zikomo, achimwene. Ndiye basi, ndapuma kukwera makwerero anuwa. Sindidzakudetseraninso pansi."

Anali atagwira kale chitseko. Mlamu anayamba kufufuza m'dirowa chinthu chimene sanataye.

"Achemwali," anatero Mjambuli. "Vuto ndinaliona Lolemba lomwe. Za zenera ndinalibe nazo ntchito. Ine ndimafuna inu muzibwerabe."