Madontho Ofiira pa Mawaya

Mchimwene wanga anabwera kushopu ya bambo ndi setifiketi ya m'galasi, ovololo yoyera mbee, komanso dzina loti Injiniya, limene anadzipatsa yekha. Ine ndinali nditatha zaka khumi ndi zinayi pabenchi ya m'shopumo, kukonza mamota a mafani ndi a makina ochapira zovala. Dzina langa silinasinthe: anthu ankangoti "mwana wamkazi wa amisiri aja."

Maso a bambo anali atayamba kuchita mdima, ndipo tonse tinkadziwa kuti makiyi a shopu atsala pang'ono kusintha thumba. Ine ndinkawafuna makiyiwo, sindibisa. Ndinkawafuna mpaka kuwalota.

Ntchito yoyamba ya Injiniya inali kukhoma setifiketi pakhoma, ndipo msomali wake unakhota. Yachiwiri inali kuseka kabotolo kanga.

Mota yakale ikabwera, mawaya ake amakhala atasuluka, kapena amisiri a m'njira anawasintha kale, onse akuda bii. Tsono ine ndimatenga mita yoyezera magetsi, n'kuyeza mawayawo awiriawiri mpaka nditadziwa awiri oyendetsa mota ndi awiri ongoidzutsa, odzera pa kapasita, kachitini kosunga mphamvu yodzutsira mota. Kenako ndimadontheza utoto wofiira wa m'zikhadabo, waya uyu dontho limodzi, uyu awiri, mwanjira yanga. Mamota onse a pashelefu anali ndi madontho anga.

"Achemwali, ino ndi saluni?" anatero Injiniya, atagwira kabotoloko ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. "Ife tinaphunzira kusukulu. Waya timangomuona, basi tamudziwa."

Ndinangoti zikomo. Munthu amene mita amaigwira chozondoka ungamuyankhe chiyani?

Tsiku lina m'mawa bambo anaika pabenchi mota ya makina ochapira, ya mawaya anayi akuda okhaokha. Dzulo lake ndinali nditaiyeza, kuidontheza, n'kuiyendetsa bambo ali pomwepo. Anaimva ndi makutu awo ikuzungulira bwinobwino.

"Amene alumikize iyi n'kuiyendetsa, makiyi ndi ake," anatero. "Ayambe mnyamatayu, popeza ndi wa sukulu."

Injiniya anapinda manja a ovololo. Anayang'ana mawaya aja, anawasisita, mmodzi anamununkhiza. Madontho anga anali pamphuno pake penipeni, koma kufunsa mkazi tanthauzo lake? Bola afe. Anasankha mawaya awiri amene anamusangalatsa, anawalumikiza ku pulagi, enawo n'kuwakankhira pambali ngati alendo osaitanidwa. Ndinaona kuti wasankha odzutsa aja. Kapasita sanayikhudze n'komwe.

Atayatsa, mota inangolira kuti mmmm, osasuntha.

"Zimitsa, iwe!" ndinakuwa.

"Ikukoka mphamvu kaye, achemwali. Simungazimvetse."

Inakokadi mphamvu. Kautsi kanayamba kutuluka m'timabowo, kenako fungo la vanishi wopsa, fungo limene mmisiri aliyense amalidziwa ngakhale ali kunja kumsewu. Ndinazula pulagi ndekha. Injiniya anaima chimwemwe chitauma pakamwa, akupukuta manja paovololo ija, imene tsopano inapeza banga lake loyamba.

Ndinayang'ana bambo. Ndinkaganiza kuti nkhani yatha, makiyi ndi anga.

Bambo anatsokomola. "Mota imeneyi inabwera yowola kale," anatero.

"Bambo, dzulo munaimva ikuyenda."

"Makutu anga ndi okalamba, mwanawe." Anapisa m'thumba, natulutsa makiyi aja, n'kuwaika m'manja mwa Injiniya. "Iwe ndi mkazi. Mawa ukwatiwa, shopu n'kupita kwa eni ake ena."

Ndinali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri. Ukwati umene bambo ankauopawo unali usanafunse n'komwe njira ya kwathu. Zinandiwawa kwambiri, koma sindinalire pamaso pawo. Ndinatenga mita yanga ndi kabotolo kanga, n'kutuluka. Madontho ndinawasiyira, aziwerenga okha ndi setifiketi.

Ndinaika tebulo pakhonde la nyumba yanga ya lendi, ndipo mafani a anthu anayamba kundipeza pang'onopang'ono. Za kushopu ndinkangomva kwa odutsa: akuti tsopano kumeneko mota iliyonse imabwera yowola kale.

Patatha milungu itatu ndinaona bambo akubwera, akupapasa njira ndi ndodo, kathumba ka saka kali kukhwapa. Anandipatsa moni wautali, kufunsa za denga, za mitu ya ana a eni nyumba, za chilichonse. Kenako anamasula kathumba kaja. Munali mota ya fani, imodzi mwa za pashelefu paja.

"Mwanawe," anatero motsitsa mawu, chala chikufufuza pawaya, "madontho awiriwa umatanthauza chiyani?"

"A Injiniya sanakuuzeni? Ine ndi wa saluni, bambo."

"Usatero. Ndi m'bale wako. Anthu ayamba kutithawa."

"Makiyi mwabwera nawo?"

Dzanja lawo linapita m'thumba mwachizolowezi, linafufuza, linatuluka lopanda kanthu.

Ndinawasunthira mpando pamthunzi, ndinawapatsa madzi ozizira m'kapu yanga yabwino. Atamwa, ndinabweza mota ija m'kathumba, ndinamanga pakamwa bwinobwino kuti isawagwe m'njira, n'kuwaikira pamiyendo.