Nyerere ndi Fani ya Dilaya

Dilaya ya kunyumba kwa adadi, makina oumitsira zovala, inafa Lachiwiri. Ukadina batani imangoti hmmm, kenako kafungo ka waya wopsa, basi. Mota yapita. Nyerere atamva anakasekera kubafa, poti anadziwa kuti tsiku lake lakwana.

Mwezi wathunthu mtsikanayu analibe makiyi a shopu ya adadi yokonzera makina. Achimwene ake, amene amadzitcha Injiniya mpaka pa sitetasi ya pa foni, anaotcha makina ochapira a kasitomala n'kunamizira iyeyo kuti ndiye anasokoneza mawaya. Adadi sanafunse kawiri. "Bweretsa makiyi, uyambe wakhala pakhomo." Zaka zinayi Nyerere akulowetsa timanja take m'madilaya a anthu, Injiniya ali bize pa foni kulandira mathankyu, malipiro ake n'kukhala amenewo!

Loweruka m'mawa Injiniya anatulukira ndi mota yatsopano m'katoni, ovolosi yosita bwino, makiyi ali lendelende m'chiuno. Adadi anakoka mpando n'kukhala pakhomo pa kachipinda kochapira. Nyerere anavundikira ndowa n'kukhalapo, akusenda lalanje.

"Ndikugwirireni tochi, achimwene?"

"Iwe ingoonerera uphunzire. Mwina usiya kuotcha katundu wa anthu."

"Sho, bwana Injiniya."

Poyamba zinkayenda. Injiniya anazula pulagi, anachotsa chivundikiro ndi chitseko chakutsogolo, anamasula lamba, n'kunyamula dilamu lonse loikamo zovala kuliika pambali. Kunatsala fani ya pulasitiki yomangidwa kumapeto kwa shafuti ya mota, kachitsulo kamene kamazungulira. Faniyo mazinga ake ndi obwerera: ukafuna kuimasula umapotokolera kumanja. Nyerere anaphunzira zimenezi chaka choyamba, chala chikutuluka magazi. Injiniya anali asanaigwirepo chibadwire.

Anapotokolera kumanzere. Fani inalimba. Anawonjezera mphamvu, inalimbiratu.

"Dzimbiri ili," anatero, thukuta lili kamukamu. Anathira oyilo. Anatenga paipi n'kuvekera ku sipanala.

"Mwanawe, pang'onopang'ono," anatero adadi.

Mawu anali pa lilime la Nyerere. Liwu limodzi lokha, fani ikanapulumuka. Koma anakumbukira kulira kwa makiyi ake pa tebulo tsiku lija, achimwene akuyang'ana kudenga ngati mngelo. Anameza mawuwo pamodzi ndi lalanje.

"Limbikani achimwene, minofu ya kujimu ija igwire ntchito."

Phwaa! Zidutswa za fani mbwee pansi, china mpaka pa phazi la adadi.

Adadi anatola kachidutswako, kukatembenuza, n'kuyang'ana mwana wawo wamwamuna. "Madilaya onse aja kushopu, unkamasula bwanji iwe?"



Nyerere anapukuta manja, anatsegula kachikwama kake n'kutulutsa fani yatsopano ili m'pepala. Anagwada, anapana shafuti, n'kupotokolera chotsalira chija kumanja. Chinamasuka ngati chivundikiro cha botolo. Anachotsa zomangira, anazula mawaya, mota yakufa panja, yatsopano m'malo mwake. Fani, dilamu, lamba kuzungulira bwinobwino, chitseko. Atalowetsa pulagi n'kudina batani, dilaya inayamba kuzungulira mwakachetechete, mpweya wofunda ukutuluka.

"Faniyi unagula liti?" anafunsa adadi.

"Lachitatu."

"Ndiye kuti unkadziwa kuti aiswa."

"Ndinkadziwa, adadi. Koma anati ndingoonerera."

Adadi anapukusa mutu, kaya kukwiya kaya kubisa kuseka. Anatembenukira kwa Injiniya. "Nanga makina ochapira aja anaotcha ndani?"

Injiniya anayamba kuwerenga matailosi. Adadi anangotambasula dzanja. Makiyi anachoka m'chiuno muja mochedwa, ngati dzino lozulidwa, n'kugwera m'manja mwa Nyerere.

Iye anawagwedeza kaye pafupi ndi khutu la achimwene akewo, kenako anatenga tsache kuseri kwa chitseko.

"Zidutswazi, bwana Injiniya. Musaope, tsacheli lilibe mazinga."