Makina Opakidwa Penti

Pamene fakitale ya sopo inali ya boma, a manijala anaphunzira chinthu chimodzi n'kuchigwiritsitsa: woyendera ntchito sauzidwa zoipa. Mnzawo wina amene anayerekeza kunena kuti denga likudontha anachotsedwa pa mpando mwezi womwewo. Iwo anafika pomera imvi ali pa mpando wawo chifukwa chodziwa kutseka pakamwa.

Kenaka boma linagulitsa fakitaleyo. Eni ake atsopano analengeza kuti manijala wolimbikira adzamuwonjezera malipiro, wolephera adzamuonetsa msana wa njira. A manijala anangomva za msana wa njirazo, tulo n'kuwathawa.

Vuto linali lakuti makina odulira sopo anafa kalekale. Amayi ogwira ntchito pa fakitalepo ankadula sopo ndi waya, manja ali ming'alu yokhayokha chifukwa cha soda. A manijala sanali munthu wouma mtima ayi. Mafuta odzola m'manja ankawagulira okha. Koma atamva kuti kukubwera woyendera, anachita zimene ankazidziwa. Makina akufawo anawapaka penti yobiriwira, mawaya anawabisa kuseri kwa migolo, sopo wodulidwa kale n'kumusanja pakamwa pa makina ngati wangotuluka kumene. Amayi aja anawaveka magolovesi obwereka.

Woyendera anali mayi wachitsikana, msinkhu wa mwana wawo woyamba. Tiyi wa mu ofesi anamukana, n'kulunjika kodulira sopo. Atafunsa chifukwa chake makina anali zii, a manijala anati awazimitsa dala kuti mlendo asasokosedwe. Mayiyo anagwira chitsulo, penti n'kumukakamira ku chala. Anachiyang'ana chalacho, osaseka.

"Bambo, ndiuzeni mosabisa," anatero motsitsa mawu. "Eni ake agula makina odulira amodzi okha, ndipo andituma ndione fakitale imene ikuwasowa kwambiri. Kuno pali vuto?"

Amayi onse anaima, maso ali pa bwana wawo. A manijala ankafunitsitsa kunena, koma oyendera akale nawonso ankafunsa mokoma chonchi, munthu n'kudzapeza chitseko cha ofesi yake chasinthidwa loko. Anaganiza za mwana wawo wotsiriza amene anali asanamalize sukulu.

"Kuno zonse zili bwino, mayi."

Mayiyo anadikira pang'ono, mwina munthu wamkulu n'kusintha mawu. Ataona kuti palibe, anati makinawo apita ku fakitale ina, ndipo iye akawayamikira a manijala kwa eni ake kuti ntchito akuigwira bwino. A manijala anathokoza, mpaka kumutsegulira chitseko cha galimoto.

Atabwerera, anapeza amayi ataima pomwe paja. Akanakonda wina awalalatire, koma panalibe. Wamkulu mwa amayiwo anangowafunsa mwaulemu, monga mwa masiku onse:

"Tikatenge mawaya, bwana?"

Anati eya, maso ali pansi.